Mapu a Buluu

LOLEMBA

[07:02] Agogo: 🎤 Iwe mwana, chithunzi chamawangamawanga watumiza munochi uchifufute. Amalume ako akuchiyang'ana chiyambire dzulo ngati cha chibwenzi. Kuwerenga sindidziwa, koma nkhope ya mwana wanga ndimaidziwa.

[07:15] Pulofesa: 🎤 Agogo musaope, ndi za kuntchito kwanga. Kompyuta ikuonetsa kuti mtsinje uja wa m'nyanja, wokoka maboti uja, ukunka nufooka.

[07:18] Malume: mwamva mayi? Pulofesa wathu wanena, wafooka 😂 nsomba zonse zili kuseri kwa chilumba, kuno tikungokola mapulasitiki

[07:19] Pulofesa: ndalowa mu meeting, ndifotokoza bwino later

[07:31] Agogo: 🎤 Mwana wanga, kuseri kwa chilumba bambo ako sankapitako, chonsecho injini yawo inali yeniyeni, osati kako kotsokomolako. Madzi a kumeneko pamwamba amagona, pansi akuthamanga. Usapite. Nawe mdzukulu, auze amalume ako.

[12:40] Missed call: Agogo

[16:05] Missed call: Agogo

LACHIWIRI

[05:48] Malume: ndanyamuka. pa map red wa ngozi palibe, blue yekhayekha. mayi konzani mchere wambiri

[09:12] Pulofesa: malume ayi!! map ija ndi ya 2070. ndi average ya zaka zambiri, si forecast ya lero

[09:13] Pulofesa: bwererani plz

[09:27] Pulofesa: malume??

[09:40] Agogo: 🎤 Walemba chiyani? Ine ndikungoona tinyerere. Lankhula ndi pakamwa.

[09:52] Pulofesa: 🎤 Agogo, chithunzi chija si cha madzi a lero. Ndi mmene adzakhalire zidzukulu zanga zikadzakula. Lero akukokabe ngati kale.

[09:55] Agogo: 🎤 Ndiye munthu wamoyo, wa ukonde m'manja, unamutumiziranji chithunzi cha nthawi imene tonse tidzakhala titagona?

LACHINAYI

[14:20] Agogo: 🎤 Anzake osaka abwerako. Apeza chigubu cha petulo chokha, chija anamanga ndi lamba wake. Sindikukukalipira mwanawe, mphamvu zake ndilibe. Ungowafunsa makina akowo kuti madzi apita naye kuti. Ndikakhale pa gombe limenelo ndi nsalu.

[15:48] Pulofesa: ndachita ma run onse amene ndingathe, since dzana

[15:49] Pulofesa: sorry, ndaiwala. ndilankhule

[15:53] Pulofesa: 🎤 Agogo, ndaika kaboti mu kompyuta kuseri kwa chilumbako, kambirimbiri, n'kumakasiya. Kena kapita kumpoto, kena kummwera. Tambiri tapita kopanda gombe. Makinawa amadziwa za zaka, agogo. Za tsiku limodzi, za boti limodzi, sadziwa.

[15:58] Agogo: 🎤 Sankha limodzi basi. Miyendo yangayi singayende magombe onse.

[16:10] Pulofesa: 🚫 This message was deleted

[17:32] Agogo: 🎤 Ndavala kale nsapato. Ndikudikira iwe.