Denga Lofiira Pansi pa Mitambo

Lolemba, 10 Malichi

Achimwene ayimbanso. Bambo asiya kudya, ngakhale tiyi akungonyambita. Adokotala akuti achibale abwere. Tchuthi andikaniza, akuti oyendetsa ndege tachepa mwezi uno, ndipo pa basi ndi ulendo wa masiku. Ndalira m'bafa ya ku ofesi, kenako ndasinthana ulendo ndi mnzanga. Lachinayi ndipita ndi ndege yathu yomwe, ija imagona komweko. Ndikawaona madzulo, m'mawa n'kubwerera.

Vuto ndi limodzi. Bwalo la kumeneko sindinatereko chibadwire.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tsiku lonse maso pa mapu. Bwalo lili m'chigwa, mapiri uku ndi uku, msewu wotera ndege waufupi. Ndafunsa amene anaterako. Wina akuti mphepo imatembenuka ukangodutsa phiri. Wina akuti pali msewu wa galimoto wowongoka bwinobwino, wonyenga maso, osauthamangira. A Chipewa, kaputeni amene ndipite nawo, angoti mafuta owonjezera ndi bwalo lina lothawirako, basi. Mdala ameneyu amaumira mawu!

Achimwene akuti chipatala chili ndi denga lofiira, ndege zonse zimadutsa pamwamba pake potera. Asunthira bedi la bambo pawindo. Zaka zonsezi bambo akhala akutopetsa anthu ndi nkhani ya mwana wawo wamkazi woyendetsa ndege, koma sanandionepo ndili m'mwamba.

"Ukafika ukwere takisi," atero achimwene. "Ine pabedi pano sindichoka bambo akadali moyo."

Lachitatu, 12 Malichi

Ndawauza a Chipewa za bambo. Ndimaopa kuti andichotsa pa ulendo. Avula chipewa chawo, kuyamba lero kuliona dazi lawo.

"Pepa mwanawe. Koma nkhaniyi tiimalize tili pansi pano. Ndege ndigwira ine, iwe maso panja. Tikatsika kufika polekezera, pamene sitiloledwa kutsikanso tisanaone bwalo, ukaona nyali za msewu unene. Ukapanda kuziona, tikwera. Tiyesa kawiri basi. Bwereza."

Ndabwereza ngati wa sitandade wani. Akuti ambiri amene anagunda mapiri anali ndi zifukwa zomveka zofunira kutera. Ine mumtima ndimangoti nyengo ikhala bwino, mukundiopsezeranji.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndili mu hotela ya mzinda wina. Sitinatere.

Mitambo inatsekera chigwa chonse. Ulendo woyamba kunali kuyera kokhakokha ngati taika mutu m'thumba la ufa. Ndinati palibe, tinakwera. Tinazungulira pamwamba kudikira, ine diso pa mafuta. A pansanja yolondolera ndege anati mwina kungatseguke pang'ono. Mwina!

Ulendo wachiwiri, titangotsala pang'ono kufika polekezera, mtambo unang'ambika kumbali yanga. Denga lofiira. Mawindo, zovala pachingwe, munthu wovala zoyera akuyang'ana kumwamba. Kutsogolo kopanda kanthu.

"Waona?" anafunsa a Chipewa, maso awo ali pa zida.

Ndinkadziwa kuti msewu uli patsogolo pompo, mapu ndinawaloweza. Ndikanangoti eya, akanandikhulupirira. Kumbuyo kwathu anthu odzaza ndege, wina ndi khanda.

"Palibe. Tikwere."

Injini zinabangula pamwamba penipeni pa chipatala. Njira yonse yobwera kuno a Chipewa sanandiyang'ane, anangondipatsira botolo la madzi. Potuluka, bambo wina wa tayi wandikalipira kuti tamuphonyetsa msonkhano. Ndamupepesa. Ine, kupepesa iyeyo!

Ndayimba. Achimwene akuti, "Anakumva, kawiri konse. Mawindo ananjenjemera. Anadzutsa mutu n'kufunsa kuti nanga wapitirira bwanji. Ndawauza kuti mitambo. Angoti, chabwino, abwera mawa."

Ndapempha kuti awaikire foni kukhutu. Akuti agona, namwino waletsa kuwadzutsa. Ndege yonse ija imandimvera, koma pano palibe chimene ndingagwire. Ndangosita yunifomu ya mawa, ndaisitanso.

Lachisanu, 14 Malichi

Kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. A Chipewa anati lero tera ndiwe. Zonse zinali monga anandiuzira anthu aja. Mphepo inatembenukadi titadutsa phiri, msewu wa galimoto wonyenga uja ndinauona n'kuusiya. Denga lofiira linadutsa pansi pa phiko, sindinaliyang'ane, manja anali pa ntchito. Matayala anakhudza pansi mwakachetechete. Sindinaterepo bwino chonchi.

Ndinathamanga ndi kachikwama kanga, mutu uli pa takisi. Pageti potulukira anthu anali ataima ndi zikwangwani za mayina, ena akukumbatirana.

Achimwene anali pomwepo, abwera kudzandichingamira. M'manja atanyamula jekete ya bambo.