Dziko Lopanda Munda Wobisalamo

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndikhulupirira kuti mwendo uja unasiya kuwawa, poti amati kumeneko kulibe nyamakazi. Ndine Filomena, mwana wanu wachisamba. Ndachedwa kukulemberani, mundikhululukire. Sikuti kunalibe nkhani ayi, koma ndinkadikira kuti ndipeze yabwino yoyambira. Tsopano ndaona kuti ndikapitiriza kudikira, ndidzachita kukuuzani pamaso.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Achimwene a Lukasi anasiya kulima fodya, ati msana wakana. Panopa akulima soya ndi mtedza ku Chiosya kwa akazi awo. Mtedzawo unachita bwino chaka chino, koma mavenda anafika ndi masikelo awo aja, ndiye mukudziwa kale amene anasekerera. Ife kuno ku Ludzi chimanga sichinabereke, feteleza tinachita kuwaza ngati mchere. Mkamwini wanu akadali yemwe uja, chaka chilichonse amalonjeza kufolera khitchini, ndipo mvula ikamagwa ndimaphika nditafunda thumba kumutu. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa, tinasangalala, kenako anthu ena anaikonda kuposa ife n'kuitulutsa m'khola.

Koma chimene ndakulemberani ndi cha Yasinta, mdzukulu wanu, amene munkamuseka kuti ndi mkazi mnzanu. Inu mutapita anamaliza Fomu 4, anakhoza ndithu, koma ntchito osaiona. Kenako anatenga pathupi pa mnyamata wa kabaza, ndipo mnyamatayo atamva anakwera njinga yake kulowera ku Chipata osabweranso. Kunabadwa mwana wamkazi, tinamutcha Malita, dzina lanu. Chipumi ndi chanu, mkwiyonso ndi wanu.

Malita atangosiya kuyamwa, kunabwera mayi wina wochokera ku Lilongwe, wonunkhira bwino, wolankhula mofatsa ngati sisitere. Ankafuna atsikana okagwira ntchito kunja, ndipo anali ndi njira ziwiri. Ina inali ya ku Morishasi, kadziko ka pachilumba pakati pa nyanja yamchere, kukagwira m'fakitale yoika nsomba m'zitini. Ina inali ya ku Saudi, dziko lalikulu la Aarabu kumene mafuta agalimoto amatuluka pansi, kukagwira ntchito ya m'nyumba. Anati atsikana asankhe okha.

Tinakhala pakhonde masana, ine, Yasinta ndi a Lukasi monga mwini mbumba. Yasinta anakabwereka buku la mapu kwa aphunzitsi ena opuma a ku Guilleme. Chilumbacho tinachifunafuna mpaka maso kuwawa. Titachipeza, a Lukasi anatola kambewu ka soya n'kuikapo, dziko lonse linabisika. Tinaseka, Amayi. Dziko linalo Yasinta anaikapo dzanja lake lonse, m'mbali n'kutsalabe.

Inali nthawi imene mafuta anasowa kuno. Kuboma magalimoto ankachita kugona pamzere, anyamata ankazembetsa petulo m'zigubu kuchokera ku Zambia, ndipo chigayo chathu chinaima mpaka tinabwerera kumtondo. Ndiye a Lukasi anati, "Mlongo, dziko loti mafuta akungotumphuka ngati madzi a padambo, munthu angagone ndi njala? Kumeneko ngakhale galu amayenda pagalimoto. Kachilumbako akuti mafuta alibe, amalima nzimbe. Ndiye mwana akwere ndege kukaona nzimbe, ngati ku Dwangwa kulibe?" Ine ndinaonjezera mantha anga a madzi. Chichitikireni namondwe uja amene anakokolola midzi kwathu ku Phalombe, sindifunanso kumva za malo ozunguliridwa ndi madzi.

Koma zonsezo sizimene zinamanga nkhani. Inamangidwa ndi mawu anu, Amayi.

Mukukumbukira esiteti ija ya kumalire, imene tinafikira titachoka ku Phalombe, ine ndili kamtsikana? Phoso, chakudya chimene ankatipatsa chija, litasiya kubwera, kapitawo n'kuwamenya ababa pamaso pathu m'chigafa cha fodya, inu simunalire. Munadikira Lamulungu. Munativeka zovala zonse zimene tinali nazo, china pamwamba pa chinzake, miphika munaimanga m'chitenje kumbuyo ngati mwana, korona m'manja. Pageti munamupatsa moni mlonda kuti tikupita ku Misa. Titangokhota tinalowa m'munda wa chimanga, kutuluka m'mundamo tili ku Zambia. Pamudzi woyamba anatipatsa madzi ndi maungu osatifunsa chitupa, ndipo patapita nthawi tinabwerera n'kudzakhazikika kuno ku Ludzi. Kuyambira pamenepo munkangoti, "Pamalo pa eni yamba waona potulukira, polowera adzakuonetsa okha." Munanena nditakwatiwa, munanena a Lukasi akupita kuchikamwini, ndipo Yasinta anakula akuwamva mawuwo ngati katekisimu.

Ndiye tsiku limenelo anaika chala pachilumba chija n'kunena kuti, "Agogo ankati chiyani? Apa zikandivuta ndidzatulukira pati, ine kusambira sindidziwa?" Kenako anayendetsa chala m'mbali mwa dziko lalikulu lija. "Koma uku taonani, malire awa, enanso awa. Zikavuta ndidzangodutsa m'munda ngati mmene timapitira kumaliro ku Zambia." Tonse tinavomera kuti mwanayu waganiza ngati munthu wamkulu. Ndinanyadira, Amayi, ndinati nzeru za agogo ake sizinapite kumanda.

Nanga ife a ku Mchinji malire timawadziwa bwanji? Ndi mzere wa khonje pakati pa minda iwiri. Nkhuku zimagona ku Malawi n'kukadya ku Zambia. Palibe mmodzi mwa ife amene anaganiza kuti kuli malire ena amene munthu sangawafike ndi mapazi.

Velonika, mwana wa a Nambewe oyandikana nafe aja, anasankha chilumba, chifukwa choti ankafuna kuona nyanja basi. Tinamumvera chisoni. Ine ndinachita kupita kukawapepesa amayi ake, ndipo lero ndikakumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Velonikayo amaimba foni Lamulungu lililonse, ndipo a Nambewe amandiitana kuti ndimve nawo. Sikuti ali ku paradizo. Amadandaula kuti amaima tsiku lonse m'chipinda chozizira, manja ake amanunkha nsomba ngakhale asambe ndi sopo wotani, amagona ambiri m'chipinda chimodzi, ndipo zinthu n'zodula moti zimene amatumiza sizikwana ndi feteleza yemwe. Koma Lamulungu amapita ku Misa ndi miyendo yake. Akaweruka amakwera basi ndi anzake, lero akaona nyanja mbali iyi, sabata inayo mbali inayo. Atadwala, anzake anamuperekeza kuchipatala. Tsiku lina ananena moseka kuti, "Amama, kuno n'kochepa, munthu sungasowe. Ukasowa m'mawa, dzuwa lisanalowe akupeza." A Nambewe anaseka, kenako anandiyang'ana n'kusiya.

Wanga Yasinta, tsiku limene anafika ku Saudi eni nyumba anamulanda pasipoti, ati amusungire. Foni ankamupatsa akafuna iwo. Anatiuza kuti za mafuta zija n'zoona, pakhomopo magalimoto ali mbwee, ndipo iye ndi amene amawatsuka, koma chikwerereni tsiku lochokera kubwalo la ndege sanakwerenso. Mpanda wa nyumbayo ndi wautali kuposa chigafa, ndipo geti limatseguka ndi makina amene ali m'manja mwa bwana. Misa kulibe, tsiku lopuma kulibe. Miyezi yoyamba ankayesa kutiseketsa, ankati wanenepa ndi mpunga. Koma mwana wako umamudziwa mawu, ndipo ine ndinkamva kuti akulankhula akuyang'ana kuchitseko.

Uthenga wake womaliza anachita kujambula mawu pafoni. Ndaumvetsera mpaka ndauloweza. Anati, "Amayi, lero anandituma padenga kukayanika makapeti. Ndayang'ana uku ndi uku. Kulibe munda, amayi. Kulibe chimanga, kulibe mudzi woti munthu n'kupemphako madzi. Nyumba zikatha ndi mchenga wokhawokha mpaka kumene maso alekezera. Ngakhale agogo kuno sakanathawa." Kenako anakhosomola nthawi yaitali, n'kunena kuti pachifuwa pakumuwawa koma adona akuti akunama. Anamaliza ndi kuti, "Malita musamamumete mpala, amaoneka ngati mnyamata."

Uthenga umenewo unabwera tikubzala. Tapalira, takolola, tapsereza minda, ndipo mitambo yayambanso kusonkhana. Foni yake siilowa.

Musaganize kuti ndangokhala. Nambala ya mayi wa ku Lilongwe uja inafa. Ndinagulitsa nkhumba n'kukwera basi kukafuna ofesi yake, ndinapeza muli saluni, atsikana akulukana tsitsi, ndipo palibe amene anamumvapo. Ndinayenda m'maofesi, analemba dzina la Yasinta n'kundiuza kuti ndidikire, ndipo pabenchi pamene ndinakhala panali amayi enanso ogwira zithunzi za ana awo. Bambo mfumu anapereka Misa. A mumphakati amabwera kudzapemphera Lachinayi. A Lukasi anapita mobisa kwa sing'anga, amene anawauza kuti mwanayo ali kutali, ngati kuti ife sitinkadziwa. Pabenchi paja ndinakumana ndi mtsikana wina amene anabwerako kumeneko, wowonda ngati bango. Anati ena amawasamutsira kunyumba zina osauza munthu, ena akamwalira amawaika komweko. Ndinamufunsa ngati kumeneko munthu angathe kuthawa wapansi. Anapukusa mutu, Amayi.

Ndisakunamizeni, ndinakukwiyirani. Panali masiku amene ndinkadutsa njira ya kumanda osayang'anako, mumtima ndikuti mawu anu aja ndi amene anandidyera mwana. Koma mkwiyo umafuna mphamvu, ndipo ine zandithera. Ndazindikira kuti nzeru zanu zinali za anthu oyenda pansi, m'dziko limene mlendo amapatsidwa maungu. Inu simunaone ndege pafupi, mukanadziwa bwanji? Tinayeza mayiko awiri ngati tikusankha esiteti, tinaona kukula, tinaona chuma cha mwini wake, tinaona potulukira. Sitinafunse ngati kumeneko munthu akalira pali womumva.

Malita wakula, akulankhula chilichonse. Poyamba ndinkamuonetsa chithunzi n'kumuuza kuti amayi ako ndi awa. Masiku ano amanditchula ine kuti amayi, ndipo ndinasiya kumukonza. Tsitsi lake sindimeta, ngakhale limandivuta kupesa ndipo amalira. Munkati mvula ikakuona litsiro sikata. Kuno sinakate, Amayi.

Sabata yatha a Lukasi anabwera, atavala jekete ngati akupita kumlandu. Anakhala pampando nthawi yaitali akupukuta chipewa chimene chinalibe fumbi. Kenako anati, "Mlongo, akuluakulu akuti tisamangokhala chonchi. Munthu akasowa mpaka kalekale, timadula thunthu la nthochi n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti mzimu wake upeze pogona, ifenso tilire timalize." Ndinawathamangitsa. Ndinawauza mawu amene mlongo sauza mlongo wake, ndipo anachoka osamwa ndi madzi omwe.

Koma mawa lake masana ndikupita kukataya phulusa kuseri kwa bafa, ndinapezeka nditaima pa nthochi zathu zija. Ndinkaziyang'ana imodziimodzi. Ndipo ndinazindikira kuti maso anga akufuna imene ikufanana naye msinkhu. Ndinakhala pansi pomwepo, phulusa lili m'manja.

N'chifukwa chake ndakulemberani. Kwa amoyo ndafunsa konse, kwatsala kwanu kokha. Tayang'anani pakati pa ofika kumene, Amayi. Mwina simungamuzindikire msanga, anatalika inu mutapita, ndipo mwina wawonda. Muone kachipsera pachibwano, kamene anakapeza atagwa mumtengo wa mango mukumukalipira. Mukamupeza, musamufunse zambiri. Mumusambitse, mumupatse madzi akumwa, mumuuze kuti mwana wake ali bwino ndipo sanametedwe.

Mukatero mubwere kumaloto mudzandiuze, musandibisire poopa kuti ndilira. Ndikulonjeza kuti mukadzangonena kuti wafika, sindidzavutanso munthu. Nthochiyo ndidzadula ndekha ndi chikwanje changa, ndidzaikulunga m'chitenje chake cha ukwati wa msuweni wake chimene ankachikonda, ndipo tidzaigoneka pafupi ndi inu.

Koma ngati kumeneko sanafike, chonde musabwere. Ndakusowani kwambiri, Amayi, ndipo palibe chimene ndinkachilakalaka ngati kuonanso nkhope yanu. Tsopano ndikamagona ndimapemphera kuti ndisakuoneni.

Ndimakukondani monga kale,
ine mwana wanu,
Filomena