Mazenera Akudikira Bambo a Munira

Aphungu,

Ndikukulemberani nditafunda bulangete pamapewa, chonsecho hita ili pamiyendo panga ndipo yakhala ikuyaka kuyambira m'mawa. Ndine mayi wa zaka 29. Ndimakhala ndi apongozi anga aakazi ndi mwana wanga Munira wa zaka zinayi. Bambo a Munira amagwira ntchito yomanga ku Rasha. Amachoka mitengo ikamachita maluwa, n'kubwerako chipale chofewa chisanagwe.

Chaka chilichonse akafika, m'mawa mwake amamata mazenera. Ndi ntchito yawo, salola munthu kuikhudza. Ine ndimadula mapepala m'mizere, iwo amalowetsa thonje m'ming'alu ndi nsonga ya mpeni, kenako amapaka sopo wonyowa papepala n'kumata. Nthawi zonse amandiseka kuti, "Iwe amake Munira, pepala lokhota chonchi wadula ndi mano?" Ine ndimati, "Amisiri a ku Rasha, lumo ilo, dulani nokha." Tsiku limenelo ndi limene mtima wanga umakhala pansi kuti ndilidi ndi mwamuna panyumba.

Chaka chino Novembala wadutsa, Disembala ali pakati. Pafoni amangoti, "Sabata yamawa, abwana akangotilipira." Masabata amawawo akwana asanu. Kale ankaimba pavidiyo kuti aone mwana, tsopano akuti netiweki ikuvuta.

Mazenera akadali momwemo. Thonje ndinagula, lili m'kabati. Mphepo ikulowa mpaka makatani kumagwedezeka. Ndimayatsa mahita awiri, ina kumene timagona, ina m'chipinda chachikulu cha alendo, chifukwa ndinayalamo kale matiresi atsopano ndipo sindifuna kuti bambo a Munira adzawapeze akununkha chinyezi. Bilu ya magetsi itabwera, apongozi anaiyang'ana n'kunena kuti, "Mtengwa wanga, ukufunditsa nyumba ino kapena tauni yonse ya Panjakent?" Ndinaseka, koma iwo anamalizira ndi chifuwa. Akutsokomola sabata yachitatu, ndipo Munira wayambanso.

Mayi Mohira oyandikana nafe anati, "Ndibwere ndi mpeni wanga, ola limodzi tathana nazo." Ndinawanamiza kuti thonje ndilibe. Mukudziwa kuti zenera likamatidwa silitsegulidwa mpaka chikondwerero cha Navruz, mu Malichi. Ndikamata ndekha ndiye kuti ndavomera kuti chisanu chonsechi sabwera. Ndikuwasowa kwambiri, Aphungu, mpaka tiyi sakundikomera. Ndithandizeni njira yochepetsera magetsi popanda kumata mazenera.

M.R., Panjakent

Mwana wanga M.R.,

Njira imeneyo palibe, ndipo nawenso ukudziwa. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo yandigwira mtima, chifukwa inenso ndinadikirapo munthu zaka zisanu ndi chimodzi. Koma chifuwa cha gogo ndi cha mwana sichidikira abwana a ku Rasha.

Mawa lomwe pita kwa Mayi Mohira, uwauze kuti thonje lapezeka. Sakufunsa kuti linali kuti, amayi amadziwana. Mumate mazenera onse, ndipo a mbali imene kumachokera mphepo muwakhomerenso pulasitiki kunja. Pachitseko pachika bulangete lakale, pansi pake utsekepo ndi chiguduli chokulunga. Ukatero hita imodzi igwira ntchito imene awiri akulephera lero.

Chipinda cha alendo chija uchitseke. Matiresi uwapinde, uwasanjike pabokosi monga mwa masiku onse, sathawa. Ukuwotcha ndalama pofunditsa makoma pamene anthu amoyo akunjenjemera. Nonse atatu musamukire m'chipinda chaching'ono cha mbali ya dzuwa, muyalemo makapeti awiri. Masana tsegulani makatani kuti dzuwa lilowe, likamapendeka mutseke. Ndipo funsa apongozi ako kumene anaika sandali, katebulo kakafupi kaja kofunditsa chibulangete chachikulu, kamene banja lonse limapisamo miyendo. Sindikukayika kuti kali m'nkhokwe, kakusungira fumbi. Botolo la madzi otentha pansi pake ndi lokwanira kufunditsa mapazi a anthu atatu.

Zinazi n'zazing'ono koma zimadya. Madzi a tiyi uwiritse kamodzi, uthire mufulasiki, m'malo moyatsa ketulo nthawi iliyonse wina akakhosomola. Firiji uzime, khonde lako ndi firiji yaulere mpaka Malichi. Mphika uzivundikira, ndipo msuzi ukatsala pang'ono kupsa uzime moto, ukulunge mphikawo m'bulangete, umalizika wokha. Mababu akale aja otentha ngati mbaula usinthe ndi osadya magetsi.

Apongozi ako apite kuchipatala sabata ino pamodzi ndi Munira. Chifuwa cha masabata atatu pa munthu wamkulu si cha uchi ndi mkaka ayi.

Chenjezo langa nali. Kazenera kakang'ono ka pamwamba usakamate, uzikatsegula pang'ono m'mawa uliwonse. Nyumba yomatidwa bwino imasunga kutentha, koma imasunganso utsi. Makala oyaka asagone nanu m'chipinda, ndipo hita ya waya wofiira isalowe pansi pa chibulangete cha sandali, ngakhale apongozi atanena kuti kale ankatero. Mabanja athunthu apezekapo atagona osadzukanso.

Tsopano za bambo a Munira. Mwina abwana akuwazunzadi, zimachitika kwa ambiri, ndipo mwamuna amachita manyazi kuonetsa nkhope pavidiyo m'thumba mulibe kanthu. Mwinanso pali china. Ine sindikudziwa, iwenso sukudziwa, ndipo kusamata mazenera sikukuuza. Mukamaliza ntchito ujambule zenera limodzi, mapepala okhota omwewo, uwatumizire. Kenako uwaimbire apongozi ali pambali pako, uwapemphe tsiku lenileni, osati sabata yamawa. Akazungulira, uwafunse poyera ngati kumeneko kuli wina. Yankho likhoza kukusangalatsa, likhozanso kukupweteka. Lililonse limene libwere, likupeze mwana wako akupuma bwino.

Aphungu