Timakandulo ta Bambo Sitikuoneka pa Tchati

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikukankha. Bambo anatuluka m'chipatala, akudya, akuyenda mpaka pageti, koma adokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti mtima wawo tsopano ndi wongonyengerera, asadzidzimuke ndi kanthu kalikonse. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa makutu awo mukuwadziwa, amagontha pa nkhani ya mankhwala pokha.

Nkhani ndi ya tchati chija munawakonzera pa kompyuta musananyamuke, cha masheya a kampani imene anagwirako ntchito moyo wawo wonse. M'mawa uliwonse ndimalowetsa mitengo ya dzulo lake monga munandiphunzitsira, wotsegulira, wokwera, wotsika ndi wotsekera, iwo n'kukhala pampando wa pawindo, magalasi pamphuno, kumaona timakandulo tawo, timizere tija tonga makandulo toonetsa mmene mtengo wayendera tsiku lililonse. Mipata ya Loweruka ndi Lamlungu anaizolowera, amati msika nawonso umapuma.

Ali m'chipatala sindinkalowetsa kanthu. Atabwera ndinalowetsa zonse nthawi imodzi, ndipo tchati chinangothera panjira. Timakandulo takale tilipo, koma kumanja kuli mbee, ngati wina wapukuta ndi nsanza. Bambo anati, "Iwe, wakhudza chiyani?" Ndinalumbira kuti sindinakhudze kanthu. Ndinazimitsa, kuyatsanso, kulowetsanso manambala, kukulitsa tchati mpaka chinadzaza sikirini yonse, koma ayi ndithu.

Dzulo nditaweruka kuntchito, iwo atagona, ndinadina pa manambala a m'mbali mwa tchati aja, ndipo ndinaona zimene munachita. Munakhoma malire a pansi ndi a pamwamba kuti timakandulo tizioneka tikulutikulu, poti maso awo ndi ofooka. Munachita bwino, sindikukudzudzulani. Koma mtengo watsika kupitirira malire anu a pansi aja. Timakandulo sitinasowe, Achemwali, tili kunsi kwa tchati kumene sitingaoneke. Nditasankha kuti kompyuta iziika yokha malire, zonse zinabwera poyera: takale tija tinasanduka tinyerere pamwamba, kenako phompho. Nditamva Bambo akutsokomola kuchipinda, ndinabwezera manambala anu msangamsanga.

Ndayesa njira zina zonse zimene mutu wangawu ungakwanitse. Ndikatsitsa malire pang'ono, toyamba kugwa timaoneka tikulendewera. Ndikayambira pa ziro, phompho limachepa koma silichoka. Ndikaonetsa masiku atsopano okha, tchati chimakongola ngati palibe chachitika, koma manambala a m'mbali amaulula, ndipo Bambo si mwana, amawerenga ndi chala mmodzimmodzi.

Pa chakudya anandifunsanso. Ndinati kompyuta yakalamba. Anaseka n'kunena kuti, "Yakalamba kuposa ine? Ine bwanji ndikuyakabe?" Kenako anawonjeza chapansipansi kuti, "Kampani ija singangosowa choncho, mwanawe. Ndinaisiya ili yolimba." Ndinanamizira kukatenga madzi kukhitchini, chifukwa misozi inali pafupi.

Ine mutu waima. Ndikawaonetsa, ndikuopa mtima uja. Ndikapitiriza kubisa, anzawo awiri amene anapuma nawo ntchito akubwera kumapeto kwa mwezi kudzawazonda, ndipo pakamwa pa nkhalamba zija sindingaikepo loko. Adzamva kwa ena, n'kudziwa kuti mwana wawo ndinkawanamiza m'maso muli gwa. Inu ndinu wamkulu, ndipo mawu anu amawamva. Mukalandira kalatayi mundiimbire masana ndili kuntchito, mundiuze chochita, chifukwa pandekha sindingathe.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo akufunsa ngati mano aja anamera. Bambo akupereka moni wambiri. Ati ndikuuzeni kuti ine ndine mbuli pa za makompyuta, wodziwa ndinu, ndipo mukangondilozera pofunika kudina zonse zibwerera m'malo mwake. Ati musachite ulesi kuyankha.

Pofunika kudinapo ndikupadziwa, Achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime