Mpando Wobwezedwa

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali. Nanga bondo lija likukulolani kuyenda? Kuno thupi lili bwino, koma mtima sukukhazikika.

Muli ndi chifukwa chondinyadira, mwatero m'kalata yanu, poti mwana amene munamuphunzitsa kugwira sowo ali pa fakitale yaikulu ya mipando. Malume, lekani kunyadako.

Chaka choyamba ndinkapala ngakhale kunsi kwa mpando, kumene munthu sayang'ana. Kapitawo anandipeza nati ndikuchedwetsa mzere, iye amawerenga mipando, osati kukongola. Nditapempha kuti tisinthe guluu wosagwira, anandiuza kuti ndiponye maganizowo m'bokosi la pakhomo. Bokosilo kiyi wake anatayika kalekale.

Basi ndinaphunzira za anzanga. Timafika, timakhoma, maso ali pa wotchi. Belu likalira, hamala imagwa pomwepo, ngakhale msomali utalowa theka. Mnzanga wina timamutcha Bwanamkubwa, chifukwa amatha ola lathunthu m'chimbudzi ngati ali pa msonkhano.

Lachiwiri kunabwera mayi wina atanyamula kampando ka mwana. Sanakalipe. Anangotembenuza kampandoko, natisonyeza msomali wotulukira kunsi, kenako chithunzi cha ntchafu ya mwana wake itasokedwa.

Kapitawo anafunsa kuti wakhoma ndani. Tonse tinangoyang'anana, ena akukanda m'mutu. Koma ine mpandowo ndinauzindikira. Ndi ine ndekha pamenepo amene ndimadula ngodya za miyendo monga munandiphunzitsira. Dzanja lanu linalipo pa mpandowo, Malume, koma mtima wanu panalibe.

Mayiyo anapatsidwa mpando wina nachoka. Lachisanu kapitawo anandiitana ku ofesi. Ndinapita ndikuti zaululika. Anandigwira chanza, akuti ndine wantchito wabwino wa mwezi uno, chifukwa sindidandaulanso.

Kuyambira tsikulo sinditha kukhala pansi. Ndikalowa m'nyumba ya munthu ndimayamba kupapasa kunsi kwa mipando yake.

Ndiye ndikupempheni. Ngati m'shedi mwanu mukadali malo, ndiloleni ndibwere mwezi wamawa. Musandilandire ngati mmisiri. Mundipatse thabwa limodzi, muime pambali, ndipo likapanda kusalala mundibwezere.

Lolemba ndikauza kapitawo kuti mpando uja unali wanga. Akandichotsa ntchito, mwina ndifika msanga kuposa kalatayi.

Mupereke moni kwa azakhali ndi asuweni anga onse. Amayi musawauze kaye. Mulungu akusungeni.

Ine mwana wa mlongo wanu.