Mafuta Amene Ndinauza Adona

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana onse. Mwendo unkakuvutani uja uli bwanji? Kuno ndili bwino, kungoti zala zasupuka ngati ndimachapira tauni yonse. Musade nazo nkhawa, zipola.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu. Achimwene akuimbirani posachedwa, ngati sanaimbe kale. Imvani kaye mbali yanga.

Mukudziwa kuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusoka mushopu ya akazi awo, amene tonse a pamakina timawatchula kuti Adona. Chimene simukudziwa n'chakuti chaka chatha ndinayamba ntchito ina m'chipinda changa. Ndinagula chigubu cha labala wamadzi. Ndi utomoni woyera ngati mkaka, koma fungo lake limatulutsa misozi. Ndinkafuna kupanga chovala chopanda msoko, choima pachokha ngati chosema.

Ndinkaumba dongo pachidole choyesera zovala, n'kupakapo utomoniwo ndi siponji. Ukauma ndinkapakanso, mpaka kakhumi ndi kasanu. Diresi loyamba nditalisenda linatuluka ngati chifu cha ng'ombe. Lachiwiri ndinalipinda ndisanaliwaze paudala, linamatirirana mpaka lero. Mayi a nyumba imene ndimachita lendi anabwera kudzafunsa ngati ndikusunga chinthu chakufa pansi pa bedi. Anzanga anasiya kundichezera.

Miyezi isanu ndi itatu, achemwali. Ndinaphunzira kuika kansalu ka neti pakati kuti lisang'ambike, ndi kusakaniza utoto utomoniwo usanagwirane. Chilichonse ndinkalemba m'kope langa. Kenako diresi linabadwa. Linali lakuda bii, kolala yake itaimirira kumbuyo kwa mutu ngati malawi, m'chiuno muli mizere ngati mapiko a mleme. Ndinakhala pansi n'kulira.

Uchitsiru wanga, ndinapita nalo kushopu kuti alamu anga akalione. Adona analizungulira kawiri n'kuligwira. Kenako anati ndilisiye, wojambula zithunzi adzalijambule.

Patatha milungu iwiri diresi langa linapambana pampikisano wa okonza mafashoni. Ine ndinali pomwepo, nditanyamula chikwama cha mapini. Adona anakwera pansanja n'kuuza anthu kuti diresilo analilota, ndipo analipanga ndi manja awo. Manja a zikhadabo zazitali aja! Mtolankhani atafunsa kuti ine ndine ndani, anati: "Uyu ndi mlamu wanga, amatithandiza kusoka mabatani."

Ndinapita kwa achimwene tsiku lomwelo. Ndinawapeza akudya, ndipo sanasiye n'kutafuna komwe. Akuti shopu ndi ya banja, ulemu ukabwera ndi wa tonse, ndisiye nsanje. Mlongo wathu weniweni ameneyo.

Mawa lake kope langa linasowa m'chikwama. Akuluakulu a mpikisano anali atapempha Adona kuti akaonetse madiresi a labala khumi ndi awiri kuholo yaikulu, pamaso pa ogula ochokera kutali. Adona ndi amene anatenga kope langa n'kulipereka kwa matelala ena, ine n'kundikankhira pakona kuti ndizipinda mayunifolomu a sukulu. Madiresi anatuluka bwino ndithu, chifukwa zimene ndinalemba zinali zoona. Chinthu chimodzi chokha ndinali ndisanalembe: chowalitsira. Awo anali mbuu ngati matayala akale.

Kutatsala masiku anayi, Adona anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anandithirira tiyi m'kapu ya alendo, koyamba chiyambireni ntchito. Anayamba ndi zoti ndife amodzi, magazi a amuna awo ndi anga. Kenako anafunsa chimene ndinapaka kuti diresi lija liziwala.

Ndinawafunsa ngati dzina langa lidzatchulidwe pa tsikulo. Mulungu ndi mboni, akanati inde, ndikanawauza zoona. Anaseka mpaka kupukuta m'maso. Anati: "Iwe, dzina lako lingagulitse chiyani?"

Ndinamwa tiyi uja mpaka kumaliza. Ndiyeno ndinawauza kuti ndi mafuta odzola wamba, olimba aja timapaka kumapazi kukang'aluka. Ndinati apake ambiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo aziyanika madiresiwo pawindo kuti dzuwa lilowetse mafuta.

Achemwali, ndinkadziwa. Mafuta amenewo amadya labala ngati chiswe, dzuwa n'kumalizitsa. Diresi langa lachitatu linafa imfa yomweyo. Chowalitsira chenicheni ndi timadzi ta silikoni, ndipo kabotolo kake kanali m'chikwama pamiyendo panga pamene ndinkalankhula. Kwa masiku anayi ndinkawaona akupaka, akuimba nyimbo, ine phee pamakina anga.

Tsiku lachionetsero ndinagula tikiti yangayanga n'kukhala mzere wachitatu. Mtsikana woyamba anatuluka akunyezimira, anthu m'manja phuphuphu. Ndinati mwina labala wandikana. Wachiwiri atafika pakati, kolala inafooka n'kugwa ngati makutu a galu wonyowa. Wachitatu anakweza dzanja, m'khwapa munatuluka tizingwe totamuka ngati chingamu. Wina kumbuyo kwanga anayamba kuseka, ena n'kulandira. Wachinayi anayenda atagwirizira m'chiuno ndi manja onse. La wachisanu linang'ambika kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno.

Apo pokha ndi pamene panandipweteka. Mwana wa eni ake anaima atafumbata pachifuwa, mafoni onse atamuloza. Ndinathamanga n'kumufunditsa jekete langa. Ndinamuuza kuti pepa katatu, iye osadziwa kuti ndikupepesa chiyani. Sanandilakwire kalikonse, ndipo nkhope yake sinandichoke m'maso.

Madiresi asanu ndi awiri otsalawo sanatuluke n'komwe. Anali atamatirirana kuseri kukhala chimtanda chimodzi.

Adona atandiona pansanja anaiwala kuti agwira maikolofoni. Dzina langa analitchula tsiku limenelo, lonse lathunthu, holo yonse inamva. Anakuwa kuti ndine mfiti, ndawanamiza, ine ndi amene ndimadziwa za labala ndipo ndawapusitsa dala. Mkulu wa oweruza a mpikisano uja, mayi wa imvi wovala magalasi, anaimirira pang'onopang'ono n'kufunsa kuti: "Mayi, paja munati munalota ndi kupanga nokha. Nanga wosoka mabatani wakupusitsani bwanji pa ntchito yanu?"

Kunali zii. Ndadyapo zokoma pamoyo wanga, koma palibe chofanana ndi kachetechete ameneyo.

Ntchito inatha pomwepo. Sizasi yanga ndi tepi anandiponyera pakhomo m'jumbo. Ogula anabweza maoda awo, ndipo matelala awiri achoka kale. Achimwene akuti akazi awo sakudya, akungogona chophimba kumutu. Akuti ndipite ndikagwade pamaso pa abale onse ndipepese, apo ayi ndisadzapondenso pakhomo pawo, ngakhale pamaliro.

Ndikuululireni zoona, poti ndinu munatilera mayi atatisiya. Lamlungu ndinakhala m'tchalitchi kufunafuna chisoni mumtima mwanga. Ndinapeza cha mtsikana uja chokha. Cha Adona mulibe, ngakhale kadontho. Ndipo sindinathane nawo. Oweruza akufuna umboni woti diresi lopambana lija ndi langa, kuti awalande chikho chimene analandira pampikisano. Lolemba ndikupita nazo zoumba zanga zadongo pangolo, komanso madiresi olephera aja onse, ndi mayi a nyumba amene akuti fungo lija akalichitira umboni ndi mtima wonse. Ndikufuna ndidzaone chikhocho chikutsika pashelefu ya mu ofesi, atsikana a pamakina akuonerera.

Pempho langa ndi ili. Achimwene amaopa inu nokha padziko pano. Auzeni andibwezere kope langa. Muli miyezi isanu ndi itatu ya moyo wanga m'menemo, ndipo akazi awo sangawerenge n'komwe malembedwe anga. Chachiwiri, musandiuze kuti ndikhululuke. Mwina chaka chamawa, mwina imvi zikamera, koma osati mwezi uno. Mukafuna kundikalipira chifukwa cha bodza la mafuta, kalipani, ndimvera. Koma muwafunsenso iwo kuti pamene mlongo wawo ankaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, anali kuti.

Za kugwadazo, auzeni kuti ndikugwada kale tsiku lililonse. Mayi wa imvi uja wandipempha madiresi atatu oti ndikaonetse m'dzina langa, ndiye kuyambira m'mawa ndimakhala chogwada pasimenti, siponji m'manja, kutsogolo kwa dongo langa. Maondo ndi awiri okha, ndipo onse ali pantchito.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba, kwa apongozi anu ndi kwa ana. Wamkuluyo mumuuze alimbikire mayeso. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo akupatseninso mawu aukali pamene foni ya achimwene ilire.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa mayi.