Mdzukulu wapambana, koma anthu anaseka chala changa

Aphungu,

Mdzukulu wanga wandiseketsa pagulu, ndipo chichokereni kumeneko sindinamuyankhule. Kalatayi akundilembera ndi mkamwini wanga, bambo ake a mwanayo, ndipo ndamuuza kuti asakometse mawu anga.

Ndine telala. Kusukulu sindinapondeko, ndipo sindidandaula. Mdzukuluyu, amene ndimamutcha Kamapepala, akuphunzira zojambula kukoleji. Analowa mpikisano ndi ganizo la pulogalamu ya pafoni yokumbutsa ife osawerenga nthawi yomwera mankhwala.

Foni yeniyeni panalibe. Ankadula makatoni ndi sizasi yanga yansalu, n'kujambulapo mabatani, n'kundiikira pamakina osokera. "Agogo, dinani pa mankhwala a m'mawa." Ndikadina polakwika, iye kumwetulira. Ndinati, "Iwe, ukukondwa ndikaphonya?" Amvekere, "Mukaphonya inu, wolakwa ndi ine wojambula." Anachotsa zilembo, n'kuikapo dzuwa ndi mwezi. Kabelu kamene anajambulapo ndinakakana, kankaoneka ngati chipewa. Anakajambulanso, uku akung'ung'udza.

Anapambana, aphungu! Nambala wani! Ndinali mpando wakutsogolo, m'suti yosoka ndekha, ndipo atamutchula ndinadzambatuka, kuwawa kwa mawondo osakumva n'komwe. Mpaka lero makasitomala sachoka pamakina panga ndisanawafotokozere.

Koma pofotokozera oweruza, anaonetsa kanema pakhoma. Chala changa, chachikulu ngati chitseko, chikungozungulira pakatoni, kenako n'kudina polakwika. Holo yonse phwete! Kujambulako ndinkadziwa, koma zoonetsa anthu sanandiuze. Tsopano akupita kumpikisano waukulu, ati kanema ndi yemweyo. Ndimuletse? Nanga ndikamuletsa, si ndimugwetsa mwana?

W. C., telala wa pakhonde la sitolo

Bambo W. C.,

Choyamba landirani ulemu wanu. Chipambanochi mwachigwirira ntchito nonse awiri, ndipo kudzitama kwanuko n'koyenera.

Kamapepala analakwa posakupemphani, pamenepo sindimuikira kumbuyo. Koma kunyanyala sikufufuta kanema. Mwina mwanayo sakudziwa n'komwe chimene chakutsekani pakamwa.

Muuzeni mosazungulira mmene mwandiuzira ine. Kenako onerani kanemayo awiri, ndipo mumulozere pamene pakukupwetekani. Koma kuphonyako musakuchotse konse. Oweruza amafuna kuona pamene chojambula chinasokoneza munthu, ndi mmene chinakonzedwera. Popanda zimenezo ntchito yake isowa umboni. Chofunika n'chakuti kanemayo asathere pa kuphonya. Akujambuleninso mukudina dzuwa mosadodoma, nkhope yanu ikuoneka, ndipo mulankhule nokha za kabelu kaja munakakana. Anthu akaone munthu amene anakonzetsa ntchitoyo, osati chala chokha.

Chenjezo langa ndi ili: mukapitiriza kukhala duu, mwanayo achita mantha, achotsa kanema yense, n'kupita kumpikisanoko yekha ali wosweka mtima. Akakagwa kumeneko, mudzadziimba mlandu ndinu.

Ndipo iwe Kamapepala, ndikudziwa bambo ako akuonetsa tsambali. Usadikire kuitanidwa. Pita pakhondepo lero ukapepese kwa agogo ako, ndipo kanemayo asakwerenso khoma lililonse iwo asanavomere.